Mipando Panja kwa Ba Daka

Sizasi ya Ba Daka inapita kwa Bana Chanda. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu mtima umene ndikulembera, chifukwa chaka chatha chathunthu chiwaikireni Ba Daka m'manda, koma sizasi imeneyo ndikuiganizirabe. Inali sizasi yakuda, yolemera, ya chigwiriro chokulungidwa ndi nsanza, ndipo zaka zonsezo ine ndi amene ndinkapita nayo kumsika wa Chawama kukainoletsa. Achibale awo atabwera kuchokera ku Petauke kudzagawa katundu, anapeza kuti mwini wake ananeneratu kalekale woti adzaitenge. Ine anandipatsa beseni.

Dzina lawo linali Velina, koma sindinamvepo munthu wolimba mtima mpaka kuwaitana choncho. Anali mayi wamasiye, wamtali, wouma thupi, ndipo ankakhala yekha m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa chigayo. Chigayocho chinkalira kuyambira m'mawa, makamaka Loweruka, ndiye iwo anazolowera kulankhula mokuwa. Ngakhale pokupatsa moni ankamveka ngati akukufunsa mlandu. Kale ankagwira ntchito m'sitolo ina ya m'tauni yosoka makatani a mahotela ndi a nyumba za mabwana ku Kabulonga. Nsalu zitayamba kusowa m'dziko, sitoloyo inatseka, iwo n'kubwerera ku komboni ndi sizasi ija ndi diso lawo.

Diso limenelo ndi limene ndinayamba kuwachitira nalo nsanje. Ankati akalowa m'nyumba mwako, asanakhale n'komwe pansi, aona kale zonse: pamene mwaye wa mbaula wadetsa khoma, pamene mumagundana ndi amuna anu m'mawa, pamene mwana amapunthwa. Ine ndinkasoka bwino kuposa iwo, ndinene zoona, chifukwa manja awo anali atayamba kunjenjemera. Koma kuona kumeneko ndinalibe, ndipo mpaka lero ndilibe.

Zinali zaka zija za mizere. Sopo pamzere, mafuta ophikira pamzere, ufa pamzere, ndipo ukafika kutsogolo n'kumva kuti zatha. Amuna ankachoka m'mawa ali pantchito n'kubwera madzulo atanyamula kalata. Panthawi yotere munthu wanzeru saganiza za makatani. Ba Daka ankaganiza za makatani, ndipo ankanena poyera kuti boma likhoza kutilanda shuga koma silinalamule munthu kukhala mumdima ngati khoswe. Anasonkhanitsa amayi angapo a mbali yathu n'kuyambitsa chimene tinkachitcha chilimba cha manja, potengera chija chosonkherana ndalama mosinthana. Panalibe kusonkha kalikonse. Loweruka limodzi pamwezi tonse tinkapita kunyumba ya mmodzi wa ife n'kuikonza m'kati, kuyambira kudenga mpaka pansi, iwo akutiphunzitsa. Tinkachita zimenezi m'chilimwe mokha, chifukwa nthawi ya mvula sungatulutse katundu panja.

Anatiphunzitsa kusungunula zotsala za makandulo m'chitini, kuthiramo palafini ndi ufa wofiira uja wa omanga nyumba, n'kupeza polishi wa pansi. Matumba a fulawa a ku bekale tinkawachapa mpaka zilembo zitafufuma, kuwaviika m'madzi a makungwa a mango, n'kusoka makatani. Makatoni ankasanduka siling'i, mabokosi a tomato mashelefu. Nsanza za salaula, zovala za kaunjika zosagulika, ankazing'amba n'kuluka timikeka ta pakhomo. Poyeza sankafuna tepi. Anali ndi chingwe chawo cha mfundo, ndipo akati mfundo zitatu, usayerekeze kudula pa zitatu ndi theka.

Koma lamulo lawo lalikulu linali lakuti katundu yense ayambe watuluka panja. Bedi, mipando, kabati, miphika, ngakhale kalendala ya pakhoma. Ankati chipinda sungachione chitavala. Chikatsala chokhachokha, iwo ankakhala pansi pakatikati, miyendo atatambasula, n'kumangoyang'ana, ife tili chilili pakhomo ndi mabulashi a njereza. Kenako ankafunsa mwini nyumba kuti dzuwa limalowera pati, ndiponso mumagona angati muno. Akatero ndiye ankaloza ndi sizasi pobwerera chilichonse, ndipo zinthu zina sizinkabwereramo.

Apa m'pamene pankabuka mikangano. Mkazi wa dikoni wina wa kutchalitchi kwathu anali ndi kabati yaikulu ya magalasi, yodzaza mbale zimene palibe anadyerapo, ndipo anaiimika pazenera penipeni.

"Ba Daka, iyi kabati ni yodula," anatero mayiyo. "Bantu bafunika kuiona bakangena mu nyumba."

"Manje bazaiona bwanji mu mudima?" Ba Daka anakuwa. "Mwatseka windo na mbale zamene simudyelamo. Chosani!"

Anakangana mpaka masana. Kabati inachoka pazenera, ndipo mkazi wa dikoni sanawalankhule miyezi itatu. Ba Daka sanapepese. Sindinawaonepo akupepesa munthu, kupatula tsiku limodzi limene ndikufuna kunena.

Kutulutsa katundu kunali ndi vuto lake. Kwathu kuno mipando yonse ikaoneka panja, aliyense amadziwa kuti m'nyumbamo mwagwa maliro: amayi amakhala pansi m'kati, abambo pamipando panja. Pa nyumba yoyamba imene tinakonza, gogo wina wodutsa anatula mtolo wa ndiwo n'kuyamba kulira, ife n'kuseka mpaka nthiti kuwawa. Ba Daka sanaseke. Kuyambira pamenepo anaika lamulo lakuti Lachisanu lililonse chilimba chisanachitike, munthu mmodzi azizungulira khomo ndi khomo kuuza anthu kuti mawa mukaona mipando panja kwa uje, musadzidzimuke. Ntchito imeneyo anandipatsa ine, chifukwa ndili ndi miyendo ndi pakamwa, ndipo ndinkanyadira nayo ngati udindo wa kuboma.

Ndinkadziona ngati dzanja lawo lamanja. Koma mayi ameneyo sanandiyamikirepo ngakhale kamodzi. Ndikasoka msoko woongoka bwinobwino, ankauyang'ana padzuwa n'kupeza pamene ulusi wadumpha.

"Iwe Amake Misozi, masula."

Tsono kunabwera Bana Chanda. Anali mayi wofatsa wa ku Mufulira, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba, ndipo amuna awo, Bashi Chanda, anali makanika amene anachotsedwa ntchito pakampani ina ya mabasi. Mayiyu singano ankaigwira ngati khasu. Msoko wake unkayamba kuno n'kukathera kwina. Ba Daka ankautenga, kuutembenuza, n'kunena kuti wayesetsa mwana wanga. Mwana wanga! Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Nanga wa Bana Chanda, Ba Daka? Onani mwamene wapendamila."

"Nakufunsa va Bana Chanda?" anatero osandiyang'ana. "Masula wako."

Ndinamasula, mano nditaluma. Katani yoyamba imene Bana Chanda anamaliza, yokhota ngati njira ya woledzera, Ba Daka anaipachika pazenera la kanyumba kawo ka kuseri kwa chigayo. Yanga, imene ndinaisoka katatu, anakapatsa mkazi wa dikoni pofuna kukonza ubale.

Chaka chimenecho nyumba yanga inali yomaliza pamndandanda, Loweruka lotsiriza mvula isanagwe. Ndinali nditadikira zilimwe ziwiri. Pansi pa bedi ndinali nditasunga thumba la njereza, zotsala za makandulo zodzaza chitini, ndi matumba a fulawa asanu ndi limodzi, ochapa ndi kuviika kale. Ndinali nditauza ngakhale alamu anga a ku Mtendere kuti adzabwere pa Khirisimasi adzaone. Kutatsala sabata imodzi, Ba Daka anafika pakhomo panga, osalowa n'komwe.

"Pa Chibelu tiyenda kwa Bana Chanda," anatero, kutanthauza Loweruka lomwelo. "Nyumba yako tizaiona chaka chamawa. Ubwelese laimu na masaka yako yaja."

"Ba Daka, nanga si ni ntawi yanga? Uja wabwela chabe manje manje."

"Muntu uja agona payang'ana chipupa kuchokela mu June. Nifuna aziona panja. Pa Chisanu uzungulile bantu monga mwa masiku yonse."

Ndinkadziwa zimene ankanena. Aliyense ankadziwa kuti Bashi Chanda akudwala matenda aja aatali amene ankatenga anthu ambiri zaka zimenezo, ndipo anali atasiya kutuluka panja. Mutu wanga unamva. Mtima wanga unangomva kuti njereza yanga ikukayeretsa khoma la mkazi wosadziwa kugwira singano.

Lachisanu ndinamanga chitenje changa chabwino n'kutuluka ngati ndikupita kukazungulira. Ndinafika pamphambano ya pampopi, pamene njira ina imalowera kwa Bana Chanda. Ndinaima. Kenako ndinakhotera kumsika, n'kukagula kapenta amene sindinkamufuna, n'kubwerera kunyumba. Sindinaiwale, ndisakunamizeni. Ndinadziuza kuti pachitike kachisokonezo pang'ono, Ba Daka achiteko manyazi, aone kuti popanda ine zinthu siziyenda. Zoti m'nyumbamo muli wodwala amene komboni yonse ikumuyembekezera, ndinazikankhira kumbali ngati mmene umakankhira mbale yakuda pansi pa tebulo alendo akabwera.

Loweruka m'mawa tinanyamula Bashi Chanda pamatiresi n'kukawagoneka kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mtengo wa mabulosi. Anali opepuka ngati mwana. Katundu yense tinamuika kutsogolo, kumsewu. Ba Daka anakhala pansi pakati pa chipinda, kuyang'ana, kenako n'kuloza kuti bedi lidzabwerera pansi pa zenera, ndipo zeneralo tilichotse katoni imene analitsekera. Tinayamba kupaka njereza.

Ola lisanathe tinamva mawu a mayi wina akulira kumsewu. Ena awiri anamulandira. Abambo atatu analowa pabwalo mwakachetechete, zipewa zili m'manja, n'kukhala pamipando ija. Kumbuyo kwawo kunkabwera gulu, ndipo wina anali kutchula dzina la Bashi Chanda m'kulira kwake.

Bana Chanda anali pambali panga, bulashi ili m'manja. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Iwo sanaganize za mipando ayi. Anaganiza kuti amuna awo atsirizika kuseriko iwo ali kalikiliki ndi khoma, ndipo anthu a panja aona iwo asanaone. Bulashi inagwa. Anathamanga, kugwa pakhomo, kudzuka, n'kuzungulira nyumba akukwawa. Ndinawatsatira. Bashi Chanda anali maso, atadzutsa mutu pang'ono, akumvetsera anthu akulira maliro awo. Misozi inali kutsikira m'makutu mwawo.

"Bana Chanda," anatero chapansipansi, "nanga nafa kale?"

Ba Daka anatuluka m'nyumba, njereza mpaka m'zigongono. Anayang'ana gulu lija, kenako anandiyang'ana ine, kamodzi kokha. Ndinadikira kuti akuwe dzina langa, ndipo akanatero palibe akanawatsutsa.

"Kulibe malilo pano!" anakuwa. "Bashi Chanda bali moyo, bali kumbuyo uku. Nine nalakwa, mwe bantu. Sininatume muntu kuti akuuzeni."

Kulira kunazima pang'onopang'ono, anthu akuyang'anana. Koma wina anali atakwera kale minibasi kupita ku Matero kukauza mlongo wake wa Bashi Chanda. Mayiyo anafika chakumasana, akulira kuyambira kumsewu wa Kafue, mpango uli m'manja. Atamuuza zoona, chisoni chinasanduka moto. Anaima pamaso pa Ba Daka, chala chili pamphuno pawo.

"Imwe bakote, nkalamba imwe, mwamuchitila malodza m'bale wanga! Mufuna afe? Ndani anakuuzani kuti muchose mipando muntu akali kupuma?"

Mayiyo anali wa msinkhu wa mwana wawo. Ba Daka amene ndinkawadziwa akanamumeza wamoyo. Koma anagwada pafumbi pomwepo, anthu onse akuona, n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Nikhululukileni, mayo. Mulandu ni wanga."

Anakhala chigwadire mpaka mayiyo atatopa kutukwana. Ine ndinali chilili pafupi ndi mpopi wa pabwalopo, ndikutsuka bulashi yoyera kale. Atadzuka, anasasa maondo n'kutembenukira anthu aja, mawu awo akale atabwerera. Anawauza kuti popeza abwera atamanga kale zitenje, agwire ntchito. Obwera kudzalira anapatsidwa mabulashi, abambo aja anakhoma siling'i ya makatoni, ndipo dzuwa lisanalowe nyumba inali itatha. Makatani a matumba anga anapachikidwa. Tinawabweza Bashi Chanda pabedi pansi pa zenera, pamene ankatha kuona njira ya kumpopi ndi anthu odutsa. Anakhala pamenepo dzinja lonse, akupatsa moni odutsa, ndipo anamwalira chimanga chitacha.

Ngakhale anakhala miyezi yonseyo, anthu sanaleke kunena kuti malodza a Ba Daka ndi amene anawafulumizitsa. Amuna ena analetsa akazi awo kubwera ku chilimba. Tinatsala ochepa, ndipo dzina la mayi amene anayeretsa nyumba za theka la mbali yathu linayamba kutchulidwa chonong'ona. Mawu anga atatu okha akanawayeretsa. Sindinawanene.

Chilimwe chotsatira Ba Daka anayambira nyumba yanga. Lachisanu lake anatuma Bana Chanda kukazungulira. Anakhala pansi pakati pa chipinda changa nthawi yaitali kuposa kwina kulikonse, ndipo anachikonza bwino kwambiri moti alamu anga a ku Mtendere anafunsa ngati tasamuka. Za tsiku lija sanazitchulepo mpaka imfa yawo. Koma madzulo ake ndinawapatsa katani imene ndinaisoka mothamanga, ulusi utadumpha pawiri, ndikudikira mawu aja. Anaiyang'ana padzuwa n'kundibwezera.

"Ili chabe bwino, Amake Misozi. Pachikani."

Sanandimasulitsenso msoko. Ndinayesapo dala kusoka mokhota, iwo n'kungoti zili bwino. Kunola sizasi ndinapitiriza, moni tinkapatsana, pamaliro tinkakhala mkeka umodzi. Koma amene anayamba kumva "masula" anali Bana Chanda, ndipo ndikamva akuwakalipira pa msoko, nsanje inkandidya kuposa kale lija ankawayamikira.

Nyumba zotiitana zitachepa, Ba Daka anayamba kuphunzitsira kwawo. Pafupifupi mwezi uliwonse wa chilimwe ankatulutsa timipando tawo tiwiri, tebulo ndi bedi, n'kuyeserera pachipinda chawo chomwe ndi aliyense wofuna kuphunzira. Kuzungulira anakuleka, chifukwa panalibenso wodabwa. Anthu opita kuchigayo ankangoti Ba Daka ayambanso, n'kumapita.

Ba Daka anamwalira Loweruka m'mawa, mwezi wa Ogasiti. Anawapeza ndi Bana Chanda, amene ankawapititsira tiyi masiku amenewo, ndipo anathamangira kwa ine. Tinawafunditsa awiriwiri, n'kutulutsa mipando panja monga mwa mwambo, n'kukhala pansi kuyamba kulira. Chigayo chinali pakati pa ntchito, ndipo mawu athu sankapitirira pakhomo. Pazenera ndinkaona amayi akudutsa ndi matumba a chimanga pamutu. Ankayang'ana mipando ija n'kumwetulira. Mmodzi anakuwa moni wa Ba Daka, kuwafunsa ngati njereza sikuwatopetsa, n'kupitirira osadikira yankho. Dzuwa linakwera. Mayi amene anagwadira mlendo chifukwa cha maliro abodza anali chigonere pamaliro ake enieni, popanda wobwera.

Bana Chanda anapukuta nkhope ndi chitenje n'kundiyang'ana. Zaka zonsezo anali asanandinenepo kanthu koipa.

"Amake Misozi, yendani mukauze bantu. Ni nchito yanu. Lelo mukafike."

Ndinazungulira khomo ndi khomo, kudutsa pamphambano ya pampopi osakhota, ndipo pakhomo lililonse ndinkayenera kunena kawiri anthu asanakhulupirire.

Nyumbayo mpaka lero ilibe wokhalamo, chifukwa achibale sanagwirizane zoigulitsa. Sabata yatha ndinapempha kiyi kwa mwini chigayo amene amaisunga. Fumbi la gaga lakuta pansi pofiira paja, ndipo mapazi anga ndi amene anayamba kulembapo. Pakhoma patsala misomali ndi malo oyera pamene panali kalendala. Chingwe cha mfundo palibe anachifuna. Chikulendewera kuseri kwa chitseko. Ndinakhala pansi pakatikati, miyendo nditatambasula, n'kuyang'ana mpaka msana utawawa, koma ndinangoona makoma anayi. Pazenera pakadali katani ija ya Bana Chanda, yofufuma ndi dzuwa. Ndinaigwira n'kutsata msoko wake ndi chala kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndi wokhota ndithu, ndipo ndinausiya momwemo.